Abambo a Tamanda pa Sikelo

Lolemba
Tamanda wadutsa miyezi naini koma katemera wa chikuku sanabayidwe. Mwezi watha ndinali kumapeto kwa mzere, nditafika kutsogolo akuti watha. Tsopano kuseri kwa phiri kukumveka ana odwala chikuku, mtima wanga suli m'malo. Sikelo ibweranso Lachisanu, pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Nzeru ndaipeza: alangizi a zaumoyo amati mayi wobwera ndi mwamuna wake ndiye amayamba kuthandizidwa. Mwamuna ndili naye, amangokhalira bawo. Ndawauza abambo a Tamanda, avomera m'kamwa muli chinangwa. Asamve wina aliyense.

Lachiwiri
Ayamba mafunso. Kodi abambo nawonso amawabaya? Ayi. Amawapachika pa sikelo? Ayi. Amaimbitsa nyimbo? Apa ndanama.
Zimene akufuna asanapite:
malaya oyera aja, ositidwa
nsapato za ukwati
mazira awiri m'mawa mwake
Ngati akukafunsira ntchito kuboma.

Lachitatu
Pa mjigo a Namulinde, oyandikana nawo nyumba, akudandaula za mzere wa kusikelo. Ine ndi pakamwa pangapa! Ndawanong'oneza, iwo okha basi. Alumbira kuti sauza munthu. Ndabwerera ndi ndowa yanga ndikudzimva wochenjera kuposa mudzi wonse.

Lachinayi
Ndapita kukabwereka simbi kwa a Namulinde. Kulibe, ili kwa achemwali awo. Kwa achemwali awo akuti yangotengedwa kumene. Pa chingwe chilichonse m'mudzi muno payanikidwa buluku ndi malaya a mwamuna. Sindikufuna kuziganizira. Malaya athu ndawayala pansi pa mphasa, awongoka ndi kugonera.

Lachisanu
Ndalawirira, mwana ndamusambitsa, ndamubereka. Abambo akupukuta nsapato. Dzuwa lakwera, akupukutabe.
Tafika mochedwa. Amuna mbwee! A Namulinde ali kutsogolo ndi amuna awo. Wina wabwera ndi amalume ake oyendera ndodo. Wakabaza mmodzi walowa pa mzere katatu ndi akazi osiyanasiyana, mpaka alangizi amufunsa, "Bambo inu, nanga onsewa mumawadyetsa bwanji?"
Ife kumapeto, ngati mwezi watha. Nyimbo aimbitsadi. Abambo a Tamanda andiyang'ana diso loipa, ayamba mong'ung'udza, pofika nyimbo yachitatu ndi amene akutsogolera besi.
Ine maso ali pa kabokosi kozizira kosungira katemera. Kabotolo kena katha, kenanso katha. Ndikuopa, ndikupemphera chamumtima. Itakwana nthawi yathu alangizi apendeketsa kabotolo, akayang'anitsitsa. "Mwayi wanu, mayi." Tamanda walira pang'ono n'kuyamba kuyamwa. Abambo ake ayang'ana kumbali, agwira mtengo, thukuta kamukamu. Koma mwana wabayidwa. Ndasangalala mpaka misozi.

Loweruka
Thupi lamutentha pang'ono, monga ananenera alangizi. Akuyamwa bwino, pofika masana akukwawa kulondola nkhuku. Nandolo wanga akuthetheka yekha kumunda, sindinapiteko sabata yonse. A Namulinde adutsa, andipatsa moni ngati palibe chachitika. Ndawayankha mwaulemu, nanga si simbi m'mudzi muno ndi yawo yokha.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi abambo a Tamanda akuuza anzawo kuti nzeru yonse inali yawo, ndipo mwana sanalire kwambiri chifukwa anaona nkhope ya bambo ake. Amuna agwirizana kuti mwezi wamawa apitanso, ayamba kuyeserera nyimbo Lachitatu. Alangizi nawo atumiza uthenga kuti zoti wobwera ndi mwamuna aziyamba zatha, aliyense azitsata nthawi imene wafikira. Ndaononga mwayi wa mudzi wonse, palibe kuchitira mwina. Mwana ali bwino, usiku ndikugona tulo. Katemera wachiwiri ndi wa miyezi fifitini. Ndidzaima pa mzere padzuwa ngati wina aliyense, kungoti pambali panga padzakhala munthu woimba besi.