Nyani wa ku Chambe ndine

Tsitsi ndinalukitsa, chitenje ndinagula chatsopano, koma zonsezi palibe anaziona. Chinandipweteketsa ndi pakamwa pangapa.

Ine ndimagulitsa zinanazi pa Chitakale. Tsiku lina kunabwera anyamata ofuna mawu a anthu akuno. Ankapanga filimu yaitali kuchokera pa katuni ija ana amaonera pa TV, ya nyama za m'phiri. Atangondilemba dzina (ndimayimba kwaya, musandiderere), ndinalengeza msika wonse kuti adzandiona pa kanema. Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anangopinda mlomo. "Inuyo? Tidzaone."

Ku Likhubula anandilowetsa m'kachipinda koimika matiresi m'makoma monse, ati phokoso la panja lisalowe.

"Kamera ili kuti, achimwene?" ndinafunsa.

"Palibe kamera, mayi. Katuni timachita kujambula pamanja. Kwa inu tikungofuna mawu."

Anandipatsa pepala la mawu a Njiwa, ine n'kumawerenga ngati zolengeza za kutchalitchi. Kanayi konse! Kenako anandithokoza mwaulemu, muja amathokozera munthu amene sadzamuitananso. Potembenuka ndinakola matiresi ndi chitenje chija, n'kundigwera pamutu. Ndinakuwa "Mayo ineee!" mpaka agalu akunja anayankha.

Kumsika ndinangoti zayenda bwino. Miyezi yonseyo ndinkapemphera kuti filimuyo isafike kuno.

Inafika. Anaionetsa mu holo ya pasukulu, alamu atakhala pambali panga penipeni, maso ali tcheru. Njiwa inayankhula ndi mawu a munthu wina. Kenako Nyani anaterereka pathanthwe la Chambe, ndipo mu sipika munatuluka "Mayo ineee!" (kani tsiku lija makina ojambulira mawu anali asanazimitse).

Holo yonse inafa nako kuseka. Alamu anadzuka njo.

"Awo ndi alamu anga! Amakuwa choncho akaona mphemvu!"

Nyani uja anagwa kasanu, ndipo kachisanuko ana onse ankakuwa naye limodzi. Kunena zoona ndinasangalala mpaka misozi. Za Njiwa palibe akuzikumbuka.

Lero alamu ndi amene amandilozera alendo pamsika, ati m'banja mwawo muli munthu wa pa kanema. Ine ndimawakonza pang'ono: pa kanema ndinalonjeza, pa kanema ndinafika, za nkhope sitinapangane. Ndipo anyamata aja akadzandiitananso, tsitsi ndidzalukitsabe.