Chilonda Chovala Duku Langa

Filesi, tasiya kaye mutu ukulukawo, nanu a Nangozo tatsitsani wailesi, mumve zimene ndalota usiku wathawu.

Inu mukudziwa kuti tsitsi langa silitsala pachipeso. Ndili mwana, malemu amayi ankatola katsitsi kanga kalikonse, ndi zikhadabo zomwe, n'kukawotcha kuseri kwa nyumba. Ankati, "Esinala, iwe ndiwe wachialubino, kunjaku kuli anthu amene amasaka thupi ngati lakoli. Kako kalikonse usadzakasiye m'manja mwa munthu." Ndiye ndakula nazo choncho. Chimene simukudziwa n'chakuti duku mwakhala mukundiseka naloli si lafashoni ayi. Kuseri kwa khutuku kuli chilonda chosapola. Adokotala anati mwina ndi khansa yapakhungu. Akufuna adulepo kachidutswa kochepa ngati kanjere ka mpunga akakayeze, kenako chilondacho achiwotche ndi makina a leza, aja amadula ndi kuwala, amene abwera ndi anthu a kafukufuku. Ine nditangomva zoti kanyama kanga akakasunge m'botolo, ndinatuluka osatsanzika. Anandiitananso, sindinapite. Tsiku lina limene anandipatsa ndi lero.

Ndiye m'malotomo ndili mu saluni muno, ndikusesa. Chipeso changa chachikasu chija chinadzuka patebulo, chikuyendera mano ake, mpaka kudzaima pamaso panga.

"Iwe Esinala," chinatero, "zaka zonsezi ine ndi iwe takhala tikubisa tsitsi, lero ukapereke nyama ndi manja ako?"

Ndisanayankhe, duku linadzimanga lokha pamutu panga n'kundinong'oneza kuti, "Usadandaule, mlendo wathu ali bwinobwino m'katimu, wagona." Ndinafunsa kuti mlendo wake uti, duku linangoseka.

Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili m'minibasi, ndipo amene anakhala pambali panga anali dzuwa. Dzuwa lenilenili, litavala jekete, litanyamula nkhuku pamiyendo.

"Tasunthani pang'ono, mayi," linatero. "Timadziwana ife. Si ine ndinkakuperekezani kumunda muli mtsikana?"

Ndikasuntha, nalonso lisuntha. Khungu linayamba kundinyerenyetsa, ndinapisa m'chikwama kufuna mafuta anga odzitetezera kudzuwa aja, koma m'botolomo munatuluka mchenga wokhawokha. Kondakitala anakuwa kuti otsika kuchipatala atsike, koma minibasiyo inalibe chitseko, ndiye ndinatsikira kunsi kwa mpando.

Ndiye ndili pabenchi, anthu mbwee, aliyense akutsokomola, ndipo akatsokomola m'kamwa mukutuluka njenjete. Kunabwera namwino wa nsapato zoyera.

"Mayi, kumakina sikulowa munthu wachifuwa. Tiyambe takuyezani m'mphuno."

Ananyamula kamtengo ka thonje kaja mukukadziwa. Ndikumuyang'ana choncho, khosi lake likutalika, miyendo ikuwonda, wasanduka kakowa, ndipo kamtengo kaja ndiye mlomo wake. Anaupisa m'mphuno mwanga. Ukupita, ukupita, ndinaumva ukudutsa pakhosi, pachifuwa, m'mimba, mpaka unakagogoda kuchidendene. Atautulutsa anauyang'anitsitsa ndi diso limodzi.

"Chifuwa mulibe. Koma tapezamo mantha, okhwima kwambiri. Anakupatsirani ndani?"

Ndinati amayi anga.

"Amenewo kuno sitichiza. Lowani chipinda chinacho."

M'chipinda chinacho munali akuluakulu a kafukufuku, atakhala kuseri kwa tebulo lalitali, onse makoti oyera. Wapakati anavula magalasi, maso ake anakula, anakula, mpaka anasanduka kadzidzi. Wakumanja anayamba kusinthasintha mtundu, ndiye bilimankhwe ameneyo, diso lina lili pa ine, lina pakabotolo kamene kanali patebulo. Wakumanzere anangoseka. Kuseka kumeneko ndinakuzindikira, ndinakumvapo kuseri kwa nyumba yathu chaka chija alongo anga ankagona pakhomo ndi zibonga pondilondera. Ndikamuyang'anenso, m'khoti loyera muja muli fisi. Ndinachita mantha, anzanga.

"Kachidutswa kokha, mayi," anatero kadzidzi.

"Mukadula mukapita nako kuti?"

"Tikakafunsa mafunso."

"Kanyama kamayankha mafunso?"

"Kamayankha bwino kuposa mwini wake."

Pakona panali chimakina chija, chachikulu ngati filiji, cha diso limodzi. Chinandipatsa moni mwaulemu zedi.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ine sindidya munthu ayi, ndimadya pamene andilozera basi. Tandilozerani."

Pamenepo duku linandithina mpaka mano analumana okha. Ndinakweza dzanja, koma m'malo moloza kukhutu ndinaloza mpando. Kuwala kofiira, koonda ngati ulusi, kunatuluka m'diso lija, psii, mpando unagawika pakati.

"Si pamenepa. Tandilozerani, mayi."

Ndinaloza tebulo. Psii. Ndinaloza khoma. Psii. Ndinaloza kudenga, denga linatseguka, ndipo dzuwa lija linasuzumira ndi nkhuku yake n'kunena kuti, "Ndakupezani." Kabotolo kaja kanagubuduzika mpaka pamapazi anga, kakuyasamula, kakulira kuti njala, mayi, njala. Fisi anakankha mpando wake n'kuimirira. Ine liwiro.

Kuthamanga kwa m'maloto mukukudziwa, mtima uli patsogolo, miyendo yatsalira m'matope. Ndinadutsa m'munda wa chimanga, chimanga chonse chikundiwombera m'manja. Ndinadutsa pamsika, ogulitsa tomato akuyeza mulu uliwonse ndi timitengo ta thonje. Ndiye mwadzidzidzi ndili mu saluni muno. Ndinatseka chitseko, ndinapiringidza, ndinatsamiritsapo benchi. Ndinadzigwiragwira thupi lonse n'kunena ndekha kuti ndapulumuka, palibe wanditenga kanthu, ndabwerako wathunthu. Nditagwira pamutu ndinapeza duku palibe.

Kumbuyo kwanga munthu anayamba kuimba kanyimbo kamene ndimaimba ndikamaluka. Ndinatembenuka. Pampando wangawu panakhala mayi, wavala chitenje changa, wavala duku langa, ndipo pakati pa miyendo yake pakhala mwana wanga Mwatitha, akumuluka tsitsi. Mayiyo atadzutsa mutu analibe nkhope, Filesi. Pamene payenera kukhala nkhope panali chilonda chija, chitakula ngati mbale, chonyowa, m'mphepete mwake mukugwedezeka chikamalankhula.

"Takulandirani," chinatero. "Zikomo kwambiri pondisunga. Osaka anthu aja munawatsekera chitseko, adokotala mwawathawa, koma ine mumandifunditsa duku m'mawa uliwonse. Sindinaonepo munthu wosamala mlendo ngati inu."

"Choka pa mwana wanga!"

Mwatitha anandiyang'ana ngati munthu wodutsa pamsewu, kenako anakweza maso kwa chilonda chija. "Amayi, kodi awawa ndani?"

Mawu amenewo ndiye anandipha. Ndinafuna kulira, misozi osatuluka.

"Amakoti oyera aja amapempha kanjere kamodzi," chinapitiriza chilonda, zala zikulukabe bwinobwino, mizere yowongoka ngati yanga. "Ine sindipempha. Ndiyamba khutu, kenako khosi, zotsalazo ndizidya pang'onopang'ono. Sindikuthamangira kulikonse, kwathu ndi kuno."

Ndinati ndichilumphire, koma thupi linali litapepuka. Ndikadziyang'ane, manja ayoyoka, miyendo yayoyoka, ndangotsala kamulu ka tsitsi loyera pansi pa mpando. Chitseko chimene ndinapiringidza chija chinatseguka chokha, ndipo analowa malemu amayi, tsache lili m'manja. Anandisesa mosamala, osasiyako ngakhale katsitsi kamodzi, n'kundinyamulira kuseri kwa nyumba yathu yakale.

"Amayi, ndine! Ndine Esinala!"

"Ndikudziwa, mwananga," anatero akugwada, akutulutsa machesi pachitenje. "Ndikukubisa kuti asakupeze."

Kutali kwambiri ndinamva chimakina chija chikuitanabe mwaulemu wake womwe uja, "Tandilozerani, mayi. Tandilozerani." Apa tsopano ndinafuna kuloza, anzanga. Ndinafuna kukuwa kuti ndi icho, chili pampando wanga, chagwira mwana wanga m'mutu! Koma tsitsi lilibe chala. Amayi anayatsa machesi, moto unagwira pang'ono, ndiye anawerama n'kuyamba kuuzira, psii, psii, psii.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, kunja kutayera kale. Psii, psii ija inali ikumvekabe. Anali bambo a Mwatitha, akupopa njinga pakhonde. Masiku ena aja adokotala anandiitana anapopanso chimodzimodzi, ine n'kunamizira mutu, iwo n'kuibwezera njingayo m'nyumba. Chinthu choyamba ndinadziwerenga zala, kenako ndinapita kukadzutsa Mwatitha kuti ndimve andiitana chiyani. Anati, "Amayi, mwatani?" Ndinakhala pansi pomwepo.

Mantha sanathe ayi, musaganize choncho. Botolo lijalo ndawauza bambo a Mwatitha kuti akalilondere mpaka atiuze kumene likupita. Ali panjapo ndi njinga, akundidikira kuti tipite kuchipatala. Filesi, kasitomala wanga wa lero umuluke ndiwe. A Nangozo, bwerani kuno mundimasule dukuli, manja anga akukana. Eya, choncho. Musayang'ane kumbali, ndikufuna ndiyambire pa inu kuloza. Ndi apa, kuseri kwa khutuku.