Telala Amene Ankadikira Upapa

Pa msewu uja panalibe amene sankadziwa kuti telala wa kuseri kwa tchalitchi akudikira kusankhidwa kukhala Papa. Ali mnyamata analowako ku seminale, koma anawathamangitsa atawagwira akulawa vinyo wa Misa. Anatulukako ndi mfundo imodzi yokha: mwamuna aliyense wobatizidwa angathe kusankhidwa. Basi, dzina loti a Papa linawakakamira ngati chisoso pa thalauza.

Amene anasenza mtanda ndi akazi awo. Akangokoleza mbaula, utsi n'kutuluka woyererako, a Papa ankasiya makina ali pakati pa msoko.

"Mayi, utsi woyera uwo! Andisankha!"

"Makala ndi onyowa, bambo. Ndipo Papa wokwatira munamuona kuti?"

"Woyamba uja anali ndi apongozi. Kodi apongozi amagwa ndi mvula?"

Mikanjo ya ansembe onse inkasokedwa ndi iwowo, ndipo tepi yawo sinkasunga chinsinsi. Tsiku lina bambo mfumu, amene anali atangolalikira mwamphamvu za kusala kudya, anabwera kudzayezetsa. A Papa anawazunguliza tepi m'chiuno, n'kupukusa mutu.

"Bambo, ulaliki unali wowonda, koma mlaliki wakana."

Mayi aja, ali kuseri kwa katani, anangoti mumtima, "Ntchito yatha apa." Koma bambo mfumu anaseka mpaka batani linathothoka, ndipo anakhala pompo kudikira kuti alisokerere.

Choopsa chinachitika atabwera a episkopi. Anthu anandanda kupsompsona mphete ya pa dzanja la a episkopiwo, mayi akukoka amuna awo jekete kuti abwerere. Sizinatheke. A Papa anagwira dzanja lija, n'kuyang'ana mphete ngati akufuna kuigula.

"Mukugwira bwino ntchito, mwana wanga. Ndikadzakhala pa mpando, sindidzakuiwalani."

Masisitere anatseka kumaso. A episkopi anagwetsa nkhope nati, "Zikomo, Atate Oyera. Koma musadzanditumize kozizira." Mayi anapuma ngati atula mtolo wa nkhuni.

Chaka chimene makadinala anadzitsekeranso kuti asankhe Papa watsopano, telala wathu anali gone m'chipatala, chifuwa chitawafinya. Anauza akazi awo kuti apolishe nsapato, aziike pansi pa bedi. Wailesi italengeza dzina la munthu wina, mayi anazungulira khonde la chipatala, osadziwa kuti akayamba bwanji. Ankaopa kuti nkhaniyo ndi imene iwamalize.

"Bambo, asankha."

"Ndamva kale. Ndinawatumizira mawu kuti andidumphe."

"Chifukwa?"

"Ku nyumba ya Papa sakanakulolani kulowa. Ndiye ndani akanamandikalipira?"

Mayi anatembenukira ku zenera, n'kunamizira kuti m'maso mwalowa kachitsotso. Mlungu usanathe, a Papa athu aja anatsogola.

Lero mu shopu muja mumametedwa tsitsi, ndipo ansembe amanenepa mwaufulu. Koma pamene mayi pamawapweteka kwambiri ndi pa Misa. Zaka zonsezo, wansembe akafika pa mawu oti "pamodzi ndi Papa wathu", ku benchi ya kumbuyo kunkamveka mawu aulemu akuti, "Zikomo," mayi n'kuwagunda amuna awo ndi chigongono. Tsopano bambo mfumu akafika pamenepo amayamba aima pang'ono. Tchalitchi chonse chimangoti zii, ndipo chigongono cha mayi chimanyamuka chokha, n'kusowa pogunda.