Lumo Langa la ku Joni

Khombedza, Salima
Okutobala 1952

Kwa Bwana Woyang'anira Zipatala,

Ndagwada mawondo onse awiri. Wolemba ndine Ramadhani Mustafa, msodzi amene chambo cha ku Mbenji chikangomva dzina lake chimakwera chokha m'bwato. Sukulu ndinaimaliza m'miyezi isanu, aphunzitsi atasowa chondiuza. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, mulidziwe lumo langa. Ndinabwera nalo kuchokera ku Joni, lopinda, chogwirira choyera. Lameta mudzi wonse, latumbula zithupsa, lachotsa minga m'mapazi mwa asodzi. Mkazi wanga Esha atabereka mwana wamwamuna, azamba athu mayi Tausi anali atang'amba kale bango latsopano lodulira mchombo, monga amachitira masiku onse. Ine, munthu woyenda, ndinakana ndili panja. Mwana wa Ramadhani adulidwe ndi bango ngati wa munthu wamba? Lumo lija ndinalipukuta bwinobwino pakabudula, ndi kulipereka pakhomo.

Tsiku lachinayi Binali wanga anatentha thupi, anakana bere, liwombo linatupa.

Chachiwiri, zikomo poika chipatala kutali. Mukanachiika pafupi tikanachita ulesi. Mtsinje unali wodzaza, tinayenda masiku awiri, ndipo miyendo yangayi tsopano ikuposa ya mbidzi. Adokotala anu anati tizilombo tosaoneka tinalowera pamchombo, tinayenda m'magazi mpaka ku ubongo. Ine amene ndimaona usipa uli pansi pa nyanja, sindinationepo palumo. Jekeseni inapulumutsa moyo, alhamdulillah, koma anati inachedwa, ubongo unali utavulala kale.

Lero Binali akuyandikira zaka ziwiri. Sakhala pansi, khosi limagwa. Mawu anga amamveka tsidya la nyanja, koma ndikamuitana iye satembenuka. Amangoseka ndikamuika pachifuwa. Pamenepo pokha ndimatseka pakamwa, ndipo Esha akuti ndiye phindu lomwe wapeza.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha pepala lokongola lomwe munamata pakhoma la chipatala, lonena kuti chodulira mchombo chiziwiritsidwa. Munalilemba m'Chingerezi chabwino zedi. Ndinaliwerenga lonse, nditapempha wina kuti andiuze zomwe likunena. Mayi Tausi sanalionebe, ali kalikiliki kubereketsa mudzi.

Tsono Bwana, Esha ndi woyembekezeranso. Nthawi yake ndi Januwale, mtsinje uja ukadzadzaza. Lumo ndalilanda ntchito ya uzamba, koma tizilomboto akuti sitidikira lumo lokha, ndipo zitsiru zoyenda ngati ine m'mudzi muno zilipo zina zitatu.

Ndikupempha modzichepetsa mutitumizire namwino mmodzi mvula isanagwe, adzakhale ndi azamba athu ngakhale sabata imodzi. Akasowa, bwerani nokha, ndidzakumeteni ndevu ndi lumo lomweli, lopukutidwa pakabudula yemweyu. Ndikadzakuchekani pang'ono musadzaope, chipatala chanu ndi masiku awiri okha.

Ine kapolo wanu wanzeru zosefukira,
Ramadhani Mustafa, bambo ake a Binali