Nkhondo ya Batani la Pakati

Tcherani makutu, inu amene mudakali nawo onse awiri, pakuti ndikuti ndisimbe za nkhondo imene inagwedeza chipinda chochezera, nisuntha mipando ndi makabati, m'masiku a ulamuliro wa Chikhutu, Mwana wa Macheka, Womva Nyerere Ikamatsokomola, iye amene anatumikira pafakitale yocheka matabwa kuyambira ali mnyamata mpaka imvi, napuma zala zake zonse zilipo.

Anzake atapuma pantchito anagula magalimoto ndi malata, koma ngwazi yathuyi inabwera kunyumba ndi ampulifaya, chimakina chakuda chokweza mawu a nyimbo, cholemera ngati thole, chimene inakhala ikuchilota moyo wake wonse. Masipika awiri anaimikidwa uku ndi uku ngati alonda a pachipata, ndipo mpando umodzi wokha unaikidwa pakati penipeni, miyendo yake itazunguliridwa ndi choko kuti wosesa asasokoneze. Pamenepo Chikhutu anaima nalengeza malamulo: pa ampulifaya pasaikidwe kansalu, kapu kapena maluwa, iziyamba yafunda isanapatsidwe chimbale, ndipo koposa zonse, batani logawa mawu pakati pa sipika ya kumanzere ndi ya kumanja likhale pakamzere ka pakati mpaka dziko litatha. Zonse zikakhala m'malo mwake, anatero iye, woimba amaimirira pakati pa masipika ngati walowa m'nyumba ndi thupi lomwe.

Koma panali nkhani imene aliyense ankaidziwa, mwini wake yekha ndiye ankaikana. Makina ocheka anakhala akulira kumanzere kwake zaka zonse zija, ndipo khutu la mbali imeneyo linapuma pantchito iye asanapume. Choncho chimbale chikayamba, woimba sankaima pakati ayi. Ankapendekera kumanja, n'kukaima pafupi ndi chitseko ngati mlendo wofuna kutsanzika.

Chikhutu anayamba kusaka mdani. Anasuntha masipika, anasintha mawaya, anatsitsa makatani, ndipo kabati ya mbale anaiweruza kuti ikubweza mawu, naithamangitsira kukhonde. Zonsezi ankaziona mkazi wake, Mayi Telala, Mfumukazi ya Singano, Woleza Mtima Mpaka Ulusi Utatha. Atatopa n'kukatenga makapu kukhonde, madzi anafika m'khosi. Tsiku lina m'mawa akupukuta fumbi, anagwira batani loletsedwa lija, nalipotozera kumanzere pang'ono, n'kubwerera kumakina ake osokera ngati palibe chachitika.

Masana amenewo nyumba inamva mfuu ya chigonjetso.

"Mayi! Tabwerani! Woimba wafika pakati! Sindinkanena ine kuti makinawa amafuna nthawi kuti akhwime?"

"Munkanenadi, bambo," anayankha Mayi Telala, maso ali pansalu.

Mtendere unalamulira m'dziko. Kabati inakhululukidwa n'kubwerera m'nyumba, makatani anakwera, ndipo Chikhutu ankakhala pampando wake atatsinzina, akumwetulira ngati mwana wakhuta. Koma mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Amalondawo anali magalasi atsopano. Atangowavala, ngwazi inawerama kuti isirire chuma chake bwinobwino, ndipo inaona batani litachoka pamzere.

"Ndani?" anabangula Chikhutu, chala chili m'mwamba, ngakhale kuti ana onse anakula n'kuchoka ndipo m'nyumbamo munatsala anthu awiri okha. "Ndani watambasula dzanja lake pa chinthu chimene akatswiri anachiyeza ndi kuchilinganiza? Kodi ine ndinakhudzapo ulusi wa munthu? Kodi ndinasunthapo singano ya munthu? Atuluke wachita izi!"

"Musasake kutali. Ndine."

"Inu, mayi? Mkazi wanga weniweni?"

"Inetu. Ndipo mwakhala mukuombera m'manja ntchito yanga osadziwa."

Chikhutu anabwezera batani pamzere, nalanda kansalu kopukutira fumbi ngati akulanda mdani chida. Woimba uja nthawi yomweyo anathawira kuchitseko. Ngwazi inamva ndithu, koma inaumitsa khosi, n'kumagwedeza mutu ngati zikukoma.

Mayi Telala sanakuwe, sanaphwanye mbale, sanamange katundu. Anasankha chida chimene akuluakulu a nkhondo sanachiganizepo: kuyambira tsiku limenelo, mawu ake onse ankawalankhulira kumanzere kwa mwamuna wake. Ankafika mwaulemu, n'kuima mbali imeneyo, n'kunena kuti tiyi wapsa, ndipo tiyi ankazizira patebulo mpaka kuchita khungu. Ananena kuti kukubwera mvula, malaya ali pachingwe, ndipo malaya anachapidwanso ndi mitambo. Ananena kuti madzi osamba afunda, ndipo ngwazi inasamba ozizira ikudandaula kuti m'nyumba muno anthu anasiya kulankhula.

Nkhondo itafika povuta, Chikhutu anaitanitsa mkhalapakati, mlamu wake, mlongo wa Mayi Telala, wometa tsitsi wodziwika mumsewu wonse, Kazembe wa Lumo, Wodziwa Zapamutu pa Aliyense. Anafika Lamulungu masana, chipeso chili m'thumba la malaya.

"Alamu, mlongo wanu wandinyanyalira," anayamba Chikhutu. "Wawononga makina anga, ndipo sakundilankhula. Khalani apa mumve nokha."

Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya nyumbayo, munthu wina anakhala pampando wachifumu. Chimbale chinayamba, batani lili pamzere.

"Koma alamu, izi ndiye zinthu!" anatero Kazembe. "Mayi woimbayu waima pakati penipeni. Ndingathe kumumeta."

"Pakati pati? Ali kuchitseko uko!"

Mawuwo atangotuluka, Chikhutu anazindikira kuti wadziwombera yekha. Kazembe anakanda mutu, natsokomola monga achitira akazembe asananene zowawa.

"Alamu, ine ndimakumetani, ndiye mutu wanuwo ndimaudziwa mbali zonse. Ndikaima kumanja mumatsutsa chilichonse, ngakhale nditati dzuwa likuwala. Ndikazungulira kumanzere mumangoti, 'Eya, eya.' Tsiku lina ndinakuuzani kumanzereko kuti timu yanu ndi ya nkhalamba zokhazokha, inu munati, 'Eya.'"

Pamenepo Mayi Telala anadzuka, nazungulira mpando, naima kumanja kwa mwamuna wake.

"Ine sindinanyanyale, bambo. Ndakhala ndikukulankhulani masiku onsewa. Za tiyi ndi malaya zilekeni, n'zazing'ono. Koma dzana munaika nyimbo imene tinavina tili pachibwenzi. Ndinasiya nsalu ya anthu, ndinabwera, ndinati tiyeni tivine. Inu munangoyang'ana kutsogolo."

Chimbale chinkazungulirabe. Chikhutu, Mwana wa Macheka, amene sanaopepo mano a makina, anavula magalasi ake atsopano n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Ndinkadziwa, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndimangoopa. Makinawa ndawadikira moyo wanga wonse, ndiye afika khutu litapita."

"Linalo lilipo. Ndipo amene anapanga makinawa anaikapo batanilo kuti lizipotozedwa. Akanafuna likhale pakati, akanalikhomera msomali."

Ine wosimba nkhaniyi ndamva zolankhula zambiri za anthu ovala mataye, koma zonga izi sindinamvepo, ndipo pamenepo mtima wanga unafewa.

Tsono mwambo wa mtendere unachitika ndi ulemerero wonse. Chikhutu anayenda pang'onopang'ono kupita ku ampulifaya, Kazembe atamugwira chigongono ngati akuwoloka mtsinje, ndipo ndi dzanja lake lomwe anapotozera batani kumanzere kufikira woimba atasiya chitseko n'kubwerera pakati. Mayi Telala anatenga penti wofiira wa zikhadabo nadontheza kadontho pamalo atsopanowo, kuti mibadwo ya m'tsogolo idziwe malire. Kansalu kopukutira fumbi kanabwezedwa kwa mwini wake ndi manja awiri. Kazembe analankhula mawu aatali othokoza mbali zonse, koma poti anaima kumanzere, mlamu wake anangoti, "Eya, eya."

Potsiriza, mpando wa kukhitchini unanyamulidwa pamutu, unadutsa m'khonde mwaulemu, unaikidwa kumanja kwa mpando wachifumu, ndipo Chikhutu anagwada yekha n'kuzunguliza miyendo yake ndi choko. Apa panachitika chodabwitsa chimene akatswiri sanachilembe: poti Mayi Telala anakhala moyandikira sipika ya kumanja, pomwe mawu anali atachepetsedwa, nayenso anamva woimba ali pakati.

Chikhutu anabwezera chimbale pa nyimbo ya dzana ija. Itangoyamba, Mayi Telala anapendekera kwa mwamuna wake n'kunong'ona motsitsa kwambiri, moti ngakhale Kazembe wokonda nkhani za eni sanatolepo kanthu.

Ngwazi inadzuka pampando umene inaulondera ngati mpando wa ufumu, inausiya wopanda munthu, n'kutambasula dzanja.

"Ndamva, mayi," inatero.