Sabata Imene Nyumba Yanga Inali Norway

Lolemba, 12 Meyi

Mawa akufika! Tiyamike, mwana wa malemu mlongo wanga, yemwe ndinamulera m'nyumba muno mpaka anakakwatiwa ku Norway. Akubwera ndi mwamuna wake Lars, kamtsikana kawo Ingrid, ndi khanda lomwe ndangolionera pa foni. Anawa sanapondepo pa Malawi. Akaipidwa ulendo uno sadzabweranso, ndipo ine ndidzafa ndikuwaonera pa kagalasi.

Ndatenga tchuthi ku loji. Zaka zonsezi ndikuperekera azungu chakudya ku Senga Bay kuno, ndimawadziwa. Mzungu akasowa zakwawo amayamba ndi m'mimba, kenako amasintha tikiti. Ndiye ndaganiza: sabata ino nyumba ino ndi Norway.

Zomwe ndatola kwa Tiyamike pa foni:
- nsapato zimatsala pakhomo
- salankhula mokweza, ngakhale m'basi
- masana buledi wozizira, chakudya chenicheni folo koloko
- khanda limagona panja kuti liwombedwe mphepo
- Loweruka likudzali ndi tsiku la dziko lawo. Ana amaguba ndi mbendera n'kumadya ayisikilimu mpaka kukhuta

Ndapita kwa telala ku Salima kukamufotokozera mbendera: nsalu yofiira, mtanda wabuluu, m'mbali mwa mtandawo moyera. Akuti, "Osadandaula bwana, mitanda ndimasoka tsiku ndi tsiku, matchalitchi onse ndi anga."

Akazi anga, mayi a Tadala, ndawawerengera malamulo onse. Angoti, "Mwana wakulira pa usipa ameneyu." Nkhani za maiko sazitsata.

Lachiwiri, 13 Meyi

Lamulo lokhala chete lafa galimoto isanaime. Amayi a kutchalitchi, omwe sindinawaitane, nthungululu mpaka agalu a tsidya la msewu ayankha. Tiyamike akulira, mayi a Tadala akulira, ine ndikupanga "shhh" ndekha. Kenako Tiyamike wandigwira m'khosi, "Malume!" ndipo nanenso chinachake chandilowa m'maso. Fumbi la galimoto, ndikhulupirira.

Lars ndi wamtali, wawomba mutu pafelemu. Wagwada, wagwira mkono, "Muli bwanji, malume?" Waloweza m'ndege. Mayi a Tadala amutcha a Lazaro, ndipo dzinalo lamera.

Ingrid wandipatsa moni ponditchula dzina langa lobatizidwa nalo. Lokhalokha, lopanda ngakhale "a"! Akuti kwawo ngakhale aphunzitsi amawaitana choncho. Norway ndinaifuna ndekha.

Lamulo la nsapato lagwira bwino mopitirira. Pakhonde mulu ngati pa kaunjika. Anthu atabalalika, nsapato imodzi ya Lars palibe. Patsala patapata wa mayi wina.

Mphatso:
- juzi yaubweya wa nkhosa, yoluka mayi ake a Lars (yovala ku Salima kotentha kuno!)
- chibuma chabulauni chokutidwa bwino, chomwe mayi a Tadala akasunga
- nsomba youma, yaitali ngati mkono, yolimba ngati mpini wa khasu

Nsomba. Kuchoka nayo ku Ulaya kubwera nayo ku Senga Bay! Lars akuti makolo awo ankayenda nayo panyanja miyezi osaonongeka. Che Jafali, msodzi woyandikana nafe, aigogoda pachipupa, ainunkhiza, akuti, "Subhanallah, iyi inatsalira m'chombo cha Nuhu."

Lachitatu, 14 Meyi

M'bafa ndapeza sopo watsopano, wabulauni. Sopo wa ku Ulaya sachita thovu. Ndakhula, ndakhulanso. Thupi likumata, kafungo kake ngati tofi. Potuluka ntchentche zandiperekeza mpaka kuchipinda.

Pa tiyi Lars akufunsa, "Kodi tchizi chija chili kuti?" Chibuma chija! Akuti ndi tchizi chabulauni, chotsekemera, Mnorway aliyense amakulira pomwepo. Watulutsa ndi kampeni kake kopalira, konga supuni yong'ambika pakati. Ndayang'ana mayi a Tadala. Mayi a Tadala ayang'ana denga. Atuluka, abwera nacho m'mbale, chochepako, m'makona mosemedwa bwino. Lars wadya, watsinzina, akuti wafika kwawo. Ine ndati m'mawa sindidya zotsekemera.

Masana: buledi, chidutswa chimodzi, chosavundikira pamwamba. Basi. Ndadikira kuti kubwera china. Palibe.

Folo koloko: mbatatesi zophika ndi nsomba ya Nuhu. Taiviika kuyambira dzulo, taimenya ndi hamala, taiphika. Sinagonje. Tadya mbatatesi. Ingrid pomaliza wathokoza chifukwa cha chakudya, akuti kwawo mwana sachoka patebulo asanatero. Ulemu ali nawo, kungoti anauika pena.

Dzuwa lisanalowe m'mimba mwayamba msonkhano. Ndanyang'ama kupita kukhitchini kuti mwina pali chinangwa chotsala. Ndapeza Lars pa mpando wa ndalema, mbale pamwendo, futali wa mbatata ndi chambo chootcha, akudya ndi manja. Tiyamike akumuchotsera minga Ingrid. Mayi a Tadala akuti, "A Lazaro anamva fungo. Ndiwathamangitse?"

Ndawakumbutsa kuti chakudya chinatha folo koloko. Kenako ndakhala pansi.

Lachinayi, 15 Meyi



Lero ndi la khanda. Lars waliika m'kangolo kake, wakankhira pansi pa mtengo wa mango, waphimba ndi neti, walowa m'nyumba kukawerenga buku. Akuti kwawo amatero ngakhale madzi ataundana panja, ana amagona bwino. Ndalengeza: wina asakhudze kangolo! Mayi a Tadala angokukuta mano. Ndakhala pakhonde kulondera. Mphepo inali yabwino. Sindinagone, ndinangopumitsa maso.

Podzuka, kangolo kalipo. Neti ilipo. Mwana palibe!

Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani. Lars watuluka, nsapato phazi limodzi, patapata linalo, nkhope yoyera ngati ufa. Tiyamike akuthamangira kumsewu. Ine ndikusuzumira pansi pa kangolo ngati mwana ndi ndalama yachitsulo. M'mutu mukuzungulira chimodzi: mlongo wanga ndikamuuza chiyani kumeneko?

Tamupeza kumathandala oyanikira usipa, kumsana kwa mayi a kwa Che Jafali, ali m'tulo, kakamwa kali yasa. Mayiwo akutembenuza usipa osatekeseka. Atationa atiyamba ndi iwo: "Anthu anayi akuluakulu m'nyumba, mwana n'kumutaya pamtengo ngati dengu? Mulibe misana?"

Ndayesa kufotokoza za mphepo ya ku Norway. Akuti, "Mphepo kumsana kuno ikupitanso."

Lars wakhala pamchenga, waseka, kenako walira, kenako wasekanso. Tiyamike sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Madzulo khanda lakana kangolo. Likufuna msana. Lars wapempha chitenje, mayi a Tadala amuphunzitsa kumanga, tsopano akuzungulira pabwalo atabereka, ana a m'mudzi ali pambuyo. M'kangolo mwagona nkhuku.

Lachisanu, 16 Meyi

Tsoka lalowera kumene sindinatseke.

M'mamawa ndamva tsache. Lars akusesa pabwalo. Watha, watsuka mbale. Watha, watenga ndowa ya kumjigo, wakaima pamzere ndi amayi. Mlendo! Mkamwini wochokera pa ndege! Ndathamanga kukamulanda ndowa. Akuti kwawo ntchito za pakhomo n'za onse, bambo ake omwe amaphika ndi kuchapa, ndipo iye anakhala pakhomo miyezi kulera Ingrid pamene Tiyamike ankapita kuntchito.

Mayi a Tadala anali pakhomo la khitchini. Amva zonse. Afunsa Tiyamike abwerezenso m'Chichewa, pang'onopang'ono.

Akuti, "Kani Norway ndi imeneyi? Bwanji simunayambire pomwepa Lolemba lija?"

Avula epuloni. Atenga mpando wanga, wa pakhonde, wa khushoni. Apempha tiyi.

Ntchito zomwe ndagwira lero:
- kutsuka mapoto (mwaye suchoka)
- kuchapa matewera a khanda
- kusankha mpunga
- tiyi, kawiri, chifukwa woyamba akuti anali madzi

Ku loji ndimanyamula mbale, inde, koma nditavala tayi, ndipo palibe wa kwathu amaona. Pano Che Jafali adutsa popita kumzikiti ku Juma, andipeza nditawerama pa beseni, thovu mpaka m'zigongono. Aima. Apukusa mutu. Akuti, "Achimwene, mwadyetsedwa mochedwa bwanji?"

Madzulo Lars waphika chakudya cha Lachisanu cha kwawo. Ndimayembekeza za makolo. Ndi chapati, nyama yogaya, tomato, chimanga, aliyense adzikulungire yekha. Akuti chinachokera ku Mexico koma Lachisanu nyumba zambiri ku Norway zimadya chimenechi. Ndiye mwambo wa eni ake n'ngobwereka, ine ndikufera chiyani?

Zonse zagwera pa malaya. Ochapa ndine.

Loweruka, 17 Meyi

Tsiku lalikulu! Apa pokha sindilephera. Ndakonza ana a Sande sukulu, ndalemba mawu oti ndilankhule, ndagula mafilizesi m'malo mwa ayisikilimu.

Mbendera zafika pa kabaza. Zofiira, mtanda woyera. Buluu palibe. Telala watumiza uthenga: "Inatha, koma mtanda ulipo." Lars waitambasula, waiyang'ana nthawi yaitali, mapewa ayamba kugwedezeka. Akuti iyi ndi ya Denmark, dziko lomwe linawalamulira zaka mazanamazana, ndipo lero amakumbukira malamulo omwe anadzilembera atachoka m'manja mwake. Ndiye ndawasokera mbendera ya atsamunda awo! Tagula choko chabuluu kugolosale, ana apaka. Thukuta la m'manja lachotsa tisanafike pamsewu.

Ingrid wavala chovala cha makolo awo: diresi yakuda yaubweya, yopetedwa maluwa, ndi tizitsulo tasiliva pachifuwa. Anavalapo agogo ake ali mwana, kenako azakhali ake. Yokongola zedi, amayi onse aigwiragwira. Dzuwa la Salima silinaione kukongola. Tisanadutse pachigayo mwana wafiira ngati tomato. Wamaliza ulendo ali m'chitenje, diresi ili pamutu pa mayi a Tadala.

Kuguba: ndinati mizere iwiri, mwakachetechete, ndikakweza dzanja onse "Hura!" Tayamba ana ochepa. Pamsika tinali khamu. Ena aona mitanda, avula zipewa, akufunsa wamwalira ndani. Ena akuti ndi msonkhano wa chipani, akufuna zitenje ndi matisheti. Wina wabwera ndi ng'oma. A kabaza akuliza mabelu. "Hura" wasanduka "Wula", ndipo agogo ena akuyang'ana kumwamba kuti mvula ya Meyi yachokera kuti.

Mafilizesi asungunuka m'chikapu. Ana amwa madzi ofiira, ofunda, akuti Norway ndi yokoma.

Ndakwera pa kreti kuti ndilankhule. "Alendo athu olemekezeka..." Ng'oma yalowa. Tiyamike wamanga chitenje m'chiuno, walowa m'bwalo la chimtali ngati sanachokepo. Ingrid akumutsanzira. Lars, khanda kumsana, akuvina ngati munthu wopha nyerere ndi mapazi. Palibe wamva mawu anga. Kreti yathyoka pa ndime yachiwiri.

Lamulungu, 18 Meyi

Ndagonja. Norway yatsekedwa.

Titaweruka kutchalitchi Lars akuti tiyende. Kupita kuti? Akuti kungoyenda, kwawo Lamulungu mabanja amatero. Takwera phiri la Senga. Pamwamba palibe msika, palibe maliro, palibe m'bale. Tadya lalanje. Maondo anga akulankhula zinenero.

Tili pamwala, ndapepesa kwa Tiyamike chifukwa cha sabata yonse. Waseka mpaka kutsamwa lalanje. Akuti, "Malume, Norway ndili nayo chaka chonse. Mukanangondifunsa."

Lars watulutsa foni, akuti andionetse malo omwe banja lawo limawakonda kuposa ena onse, komwe amathawirako pa tchuthi. Ndimayembekeza nyumba yosanja. Ndi kakhumbi ka matabwa kuphiri, udzu utamera padenga. Anamanga agogo ake. Magetsi kulibe. Madzi amatunga kumtsinje. Amaphika ndi nkhuni, madzulo kandulo. Kumbuyo chimbudzi chokumba, ndipo wachikuza pafoni kuti ndichione bwino, monyadira!

Ndati, kodi uku si kwathu ku Maganga? Nyumba ya malemu bambo ili chimodzimodzi, kungoti udzu wathu ndi wouma. Ine sindinafune n'komwe kuti alendo amve kuti iliko.

Lars maso ali tong'o. Ingrid akudumphadumpha. Tiyamike akuti amayi ake anabadwira m'nyumba imeneyo, ndipo ana ake sachoka asanagonemo. Asintha tikiti, inde, koma yoti akhalitse.

Mawa onse akupita ku Maganga pa kabaza, ndi mayi a Tadala omwe. Ndauzidwa nditsale ndiyang'anire nkhuku.

Ine ndikubwerera ku loji kukapuma.