Tebulo la Gunadi ndi chitseko cha chimbudzi

Ku fakitale yathu ya ku Sidoarjo, kumene timapanga makina odulira tokazinga topyapyala totchedwa krupuk, kunalibe munthu wosunga chakukhosi ngati malemu Pak Wardoyo (Pak ndiye kuti bambo kwathu kuno). Udzudzu ukamuluma lero, amauzindikira nkhope mwezi wamawa. Musandiyang'ane choncho ana inu, ndikunena zoona.

Ntchito yake inali yolumikiza makina pa kompyuta amisiri asanadule chitsulo. Chidutswa chilichonse amachimangirira ku chinzake ndi zingwe zosaoneka: bawuti iyi ikhale pakati pa bowo ili, mpeni uwu ugone pa mbale iyo. Zingwe ziwiri zikakokana, chithunzi chonse chimafiira, makina osayenda. Ena zikatero amapita kukamwa khofi. Wardoyo amavula wotchi n'kupinda malaya.

"Wayamba ndani?" amafunsa zitsulozo, uku akuzimitsa zingwe chimodzichimodzi. Kawashala kena kanamuzunza mmawa wonse. Atakagwira sanakafufute, ati kufufuta n'chifundo. Anakakankhira kutali pa chithunzicho, kupitirira chilumba cha Madura, kuti kakaganize bwino kali kokha.

Ndiye panali Gunadi, mnzake wojambula, bambo wa mimba yake ndi phwete losachedwa. Tsiku lina anasuntha bowo limodzi pa mbale ya Wardoyo osamuuza. Kasitomala atafika, Wardoyo anadina kuti mpeni uzungulire. Mpeni uja unadumpha n'kukaima chadodolido pamwamba pa injini. Kasitomala anaseka. Gunadi anaseka koposa, mpaka kutsamwa ndi tempe, chakudya cha soya chimene ankatafuna.

"Pepani Pak, ndi kabowo kamodzi kokha."

"Palibe kanthu, Gun," anatero Wardoyo akumwetulira. Amene ankamudziwa anayamba kumupempherera Gunadi.

Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Kenako Bu Sulastri, mwini fakitale, anaganiza zomanga ofesi yatsopano, napatsa Wardoyo kuti aijambule. Mayiwa anali ndi lamulo limodzi: chimene sichinasunthe pa chithunzi, pansi sichisuntha, ngakhale dengu la zinyalala.

Chithunzi chitatuluka, Gunadi anapeza tebulo lake pakhomo penipeni pa chimbudzi, moti chitseko chikatseguka chizimukupiza kumsana.

"Bu, taonani nkhanza izi!"

Bu Sulastri anagwira tebulo lija pa kompyuta n'kulikokera ku windo. Chimbudzi chinatsatira, tebulo la Wardoyo lili pambuyo. Anakokera chimbudzi panja. Matebulo onse awiri anatuluka nacho, kukakhala pakati pa njinga zamoto.

"Pak War, n'chiyani chimenechi?"

"Zimakondana, Bu. Ine ndithetse banja?"

"Nanga lanulo likutsatiranji?"

"Ndikufuna ndizionera pafupi."

Amisiri anali atafika kale ndi simenti. "Gunadi," anatero mayiwo, "ukadzamasula chingwecho pa chithunzi, udzasamuka. Apo ayi, khala."

Gunadi anakhaladi, ndipo anaidziwa fakitale yonse kuyambira m'mimba. Amati akangomva mapazi, wadziwa kale kuti uyu dzulo anaonjeza tsabola. Nthawi yopuma iliyonse amatsegula chithunzi n'kusanthula zingwe za chimbudzi: za chitseko, za mpopi, za ndowa. Tebulo lake osalipeza. Anadula chingwe china, denga linatsika n'kukhala pansi. Anadula china, masitepe analowa m'khoma. Matebulo okhawo Wardoyo anawatsekera m'kagulu kamene kamatseguka pa kompyuta ya iye yekha, ndipo mwini wake anali pambalipo, akutafuna mtedza.

"Dula icho, Gun. Dula, tione ngati chipinda chopempherera sichisiya kuyang'ana koyenera n'kuyang'ana ku chilumba cha Bali."

"Mudzafa imfa yowawa, madala."

"Ndikadzafa udzandinyamula ndiwe. Ndikunenepa dala."

Gunadi anayesa kumunyengerera ndi mbale ya msuzi wa soto. Wardoyo anadya, ananyambita supuni, nati mchere wachepa. Gunadi anayesa kubwezera, namubisira makoko a chipatso chonunkha cha duriani m'dirowa. Wardoyo anamuthokoza pamaso pa anthu onse, ati tsopano pakona pathu pakununkhira ngati kumsika.

Zaka zinapita choncho, mpaka matenda a shuga anamutenga Wardoyo. Pamaliro mkazi wake ananong'oneza Gunadi kuti bamboyo anavutika nawo kalekale, mkodzo samatha kuusunga nthawi yaitali, koma analumbira kuti kuntchito asadziwe munthu.

Atabwerako, Bu Sulastri anatsegula kompyuta ya malemu. "Bwera, Gunadi, udzimasule."

Gunadi anakhala pampando wa mdani wake, natsegula kagulu kaja. Anayang'ana, anapukuta magalasi, anayang'ananso. Pakati pa tebulo lake ndi chimbudzi panalibe chingwe ngakhale chimodzi. Lomangiriridwa ku chitseko linali tebulo la Wardoyo. La Gunadi linali lomangiriridwa ku la Wardoyo, motalikirana mkono umodzi.

"Mfiti iyi," anatero Gunadi. "Anthu onse aziti akundilanga ine, pamene iyeyo wandisandutsa chobisalira!"

"Dula basi. Ku windo kuli malo."

Chala chinali kale pa batani. Gunadi anayang'ana tebulo lopanda munthu lija, nachotsa dzanja.

"Ndisamuke kuti akauze anzake kumandako kuti ndinadikira afe? Ayi Bu. Ndikhala pompano, zimuwawe."

Masiku ano chithunzi chikafiira, anyamata amangofufuta zingwe zonse n'kumanganso mwakachetechete, palibe wofunsa kuti wayamba ndani. Ofesi yazizira ngati chipatala. Chitseko chija chikamenyetsedwa, Gunadi amatembenukira kumanzere, ku tebulo lopanda munthu lija, pakamwa patadzaza chipongwe chabwino, chakupsa, choyenera mwini wake. Kenako amachimeza n'kubwerera ku ntchito.